Dengu Lomwe Ndinalisiya M'malere

Oda imene inatulutsa mchimwene wanga Hazem m'nyumba tsiku limene anamwalira sanaivomere yekha. Ndinaivomera ndine. Masiku atatu onse a maliro ndinkagawira alendo khofi wopanda shuga, mawu amenewa ali pakhosi, osatuluka.

Hazem ankaphunzira zomangamanga ku yunivesite. Akapeza mpata ankakwera njinga yake yamoto n'kumagulira anthu zinthu m'masitolo, kuwaperekera pakhomo. Oda ikabwera foni imalira, ndipo ukaivomera wavomera. Ukaibweza pambuyo pake kampani siikupatsanso ntchito sabata yonse. Akamawerenga kapena kusamba ankandisiyira foniyo kuti ndizimuvomerera zapafupi.

Tsiku limenelo anabwera masana, malaya atamatirira kumsana ndi thukuta. Ababa anali pakhomo akuvala nsapato kubwerera kushopu yawo yosokera zovala.

"Waweruka kale, bwana injiniya? Dzuwa likadali pamutu? Ife pamsinkhu wakowo..."

"Munkasenza Cairo yense pamutu, ndikudziwa, Ababa," anatero Hazem akuseka. Koma Ababa sanaseke. Anati mwamuna wogona masana amadzuka ndi njala, n'kutsika masitepe.

Chipinda chathu chinali chimodzi, chogawidwa ndi katani. Hazem anandiponyera foni.

"Basmala, zatsala mphindi khumi kuti nthawi yanga ithe. Ikalira uyisiye. Mutu ukundiwawa."

Anadzigwetsa pabedi osavula nsapato. Nthawi yomweyo mnzanga ananditumizira uthenga kuti zotsatira za mayeso athu omaliza sekondale zatuluka msanga. Ndinkaopa kuti ndalephera. Sindinafune kuti Hazem azisuzumira paphewa langa n'kumachita nthabwala zake. Ndinkangofuna ola limodzi ndekha, basi. Foni inalira. Mpunga, mafuta, matewera a mwana, kupita nazo kutsidya kwa mlatho. Ndinadina.

Anadzuka, anayang'ana foni, anandiyang'ana ine.

"Chala chinaterereka, achimwene."

"Chala chako chimaterereka mwanzeru, iwe kamphaka." Anatola chipewa chake cha njinga n'kutuluka. Sanamenyetse chitseko. Bola akanamenyetsa.

Timakhala pansanjika yachisanu ku Shubra, dera lina la mu Cairo, ndipo monga aliyense mumsewu mwathu tili ndi dengu la chingwe pakhonde, lokwezera buledi ndi ndiwo. Hazem akamadutsa ankaliza hutala kawiri, ine n'kutsitsa dengu, iye n'kuikamo kanthu. Patapita theka la ola ndinamva hutala kawiri. Ndinatsitsa dengu osayang'ana pansi, chifukwa cha manyazi. Nditamva kuti njinga yanyamuka ndinayamba kukoka, koma tsamba la zotsatira linali litangotseguka, ndiye ndinamangirira chingwe pachitsulo dengu lili pakati panjira n'kuthamangira m'chipinda.

Ndinakhoza. Kwa masiku atatu palibe amene anandifunsa.

Minibasi inamuwomba pokwera mlatho. Tinamuika m'manda madzulo omwewo.

Pamaliro sitiphika, aneba ndiwo amabweretsa chakudya. Choncho palibe amene anafuna dengu. Ine ndinkalidziwa pamene lili, likulendewera pawindo la nsanjika yachitatu, ndipo khonde ndinkalizemba ngati pali galu wolusa.

Amayi anali atamva zimene Ababa ananena pakhomo paja. Tsiku loyamba sanalankhule nawo. Lachiwiri, azimayi opepesa atachoka, anawaikira mbale patebulo mwamphamvu mpaka msuzi unatayika.

"Idyani, bambo a Hazem. Mwamuna wogona masana uja sadzadzukanso ndi njala."

"Mayi a Hazem, opani Mulungu."

"Ndimuope ine? Mwana wabwera atatopa ngati bulu, inu n'kumuthamangitsira kumsewu ndi pakamwa panupo!"

Ababa anakankha mbale pang'onopang'ono n'kupita kukakhala pampando wa pakhomo, pafupi ndi nsapato. Ine ndinapukuta msuziwo. Ndinapukuta nthawi yaitali, tebulo litauma kale.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinapeza chikwama chakale cha Ababa chili pabedi, chotsegula. Anali akupinda malaya mosamala monga amapindira a makasitomala.

"Mukupita kuti, Ababa?"

"Kumudzi, ku Minya, kwa azakhali ako. Alendo akatha madzulo ano ndikwera sitima."

"Mudzabwera liti?"

Anasalaza kolala ndi chala chachikulu. "Mayi ako sangathe kundiyang'ana, mwanangu. Ndipo sakulakwa. Iwe uwasamale."

Ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka chinali chakuti, "Ndikupangireni tiyi?"

Ndine munthu wotero. Kusukulu aphunzitsi ankandiiwala poitana mayina. Hazem ankati ndikadzakwatiwa shehe adzachita kuika khutu pakamwa panga kuti amve ngati ndavomera.

Dzuwa litapendeka alendo omaliza anatsika. Amayi anali kukhitchini akutsuka timakapu ta khofi. Chikwama chinali pakhomo. Ababa anatuluka pakhonde, ndikuganiza kuti ankafuna kuonanso pamene njinga inkaima. Ndinawatsatira mpaka pachitseko.

Anatsamira chitsulo, dzanja lawo n'kukhudza chingwe.

"Dengu ili ndani walisiya m'malere? Likugunda windo la eni ake."

Anamasula mfundo n'kuyamba kukoka, dzanja ili, dzanja ilo. Dengu linabwera litadzaza fumbi. M'katimo munali kathumba ka nthanga zokazinga za mchere, zimene ndimakonda, ndi lisiti lopindidwa, lolembedwa kumbuyo ndi cholembera. Ababa analitalikitsa ndi maso chifukwa magalasi anali atalongedza kale. Nkhope yawo inasintha atazindikira zilembo zopendekera zija. Anawerenga mokweza:

"Kwa bwana wanga watsopano. Ngati wakhoza, izi ndi mphatso. Ngati walephera, ndi mankhwala. Koma foni yanga usadzaigwirenso, kamphaka iwe."

Madzi kukhitchini anasiya kutuluka. Amayi anabwera akupukuta manja m'diresi lawo lakuda, n'kuima kumbuyo kwanga.

Hazem ankadziwa. Ankadziwa za zotsatira, ankadziwa chifukwa chimene ndinamutulutsira, ndipo anapatuka panjira, foni ikumuwerengera mphindi, kudzandiikira nthanga m'dengu. Mwina ndi mphindi zimenezo zimene ankathamangira pamlatho paja. Zimenezo sindidzazidziwa.

"Bwana watsopano ndani?" anafunsa Ababa. "Basmala?"

Ndinayang'ana chikwama chija pakhomo. Ndinayang'ana manja a Amayi, ofiira ndi madzi otentha.

"Hazem sanamvere inu, Ababa. Mutangotuluka anagona. Anati foni ikalira ndiisiye." Mawu anga anali aang'ono, ndiye ndinabwereza mokweza kuti Amayi amve bwinobwino. "Oda ija ndinavomera ndine. Ndinkafuna kuona zotsatira ndili ndekha. Ndine ndinamutulutsa."

Pansi mumsewu munthu ankaitanira mavwende. Ndinadikira kuti Amayi andimenye, ndipo ndinkafuna andimenye.

Anandidutsa, natenga kapepala kaja m'manja mwa Ababa. Anawerenga okha, milomo ikugwedera, kawiri konse. Kenako anakapinda m'mizere yake yomwe ija, nakabwezera m'dzanja la Ababa, ndipo dzanja la Amayi linakhala pamenepo, osachoka.

Ababa anang'amba kathumba ndi mano. Anathira nthanga m'chikhatho changa, zina n'kugwera pansi.

"Nanga tidye ngati chiyani, mwanangu?" anafunsa motsitsa. "Mphatso kapena mankhwala?"

"Mphatso," ndinatero, ndipo m'pamene ndinayamba kulira.