Msasa wa Mayi Farha

Lole inaima pageti Siew Lan ali pakati pa chipinda chochezera, thireyi ya tiyi ili m'manja. Hutala inalira kawiri. Anthu onse amene anabwera kudzapepesa maliro anatembenukira kuwindo, ndipo nayenso anasuzumira. Kumbuyo kwa loleyo kunali mulu wa nthambi za kanjedza, zobiriwira bii.

"Katundu wa mayi Farha uyu!" anakuwa dalaivala. "Auzeni chaka chino ndafika nthawi yabwino, asandikokenso makutu!"

Palibe anaseka.

Mayi Farha, apongozi ake a Siew Lan, anamwalira Lachinayi m'mawa, atasala kudya bwinobwino dzulo lake pa Tsiku la Chitetezo. Anaikidwa Lachisanu. Lero linali Lamulungu, ndipo dzuwa likalowa Chikondwerero cha Misasa chiyamba, nthawi imene Ayuda amadyera m'misasa yofolera ndi nthambi. Ana awo awiri anali atakhala pansi pamatiresi, malaya atang'ambidwa pachifuwa monga mwa mwambo: Nissim, mwamuna wa Siew Lan, ndi mchemwali wake wamkulu Seemah, amene anatsika ndege yochokera ku Perth mtembo uli pafupi kunyamulidwa.

"Muuze abwerere nazo," anatero Seemah. Amayang'ana Nissim, koma mawuwo anali a Siew Lan.

Siew Lan anatula thireyi n'kuthamangira kugeti. Anapeza dalaivala wayamba kale kuponya nthambi pansi. Atamuuza za imfayo, bamboyo anavula chipewa.

"Pepani kwambiri, mayi. Koma nthambi sizibwerera kumtengo."

Lole itapita, Siew Lan anazikokera nthambizo kuseri kwa nyumba, ziwiriziwiri, podutsa kanjira ka m'mbali kuti asamveke. Koma kanjedza sakokeka mwakachetechete. Nthambi iliyonse inkakwekwesa simenti ngati tsache.

Kuseriko kunali mitengo yomangira msasa, yomangidwa mtolo, itatsamira khoma. Chaka ndi chaka mayi Farha ankakhala pampando pamenepo n'kumalamula: uwu apa, uwo wapendekeka, denga lisathinane kuti nyenyezi zizioneka. Siew Lan anadziwa zonsezi chifukwa cha Lachitatu. Lachitatu lililonse m'mawa amayi angapo a m'sunagoge ankasonkhana patebulo la mayi Farha kuwerenga gawo la sabata imeneyo la Tora, buku lopatulika la Ayuda, ndipo chikondwerero chikamayandikira ankaphunzira miyambo yake, kukangana kukuchuluka kuposa kuwerenga. Siew Lan anayamba kukhala nawo atangolowa chipembedzo cha Ayuda, asanakwatiwe ndi Nissim. Masiku amenewo akakwera pamwamba pomwe amayi amakhala m'sunagoge, onse ankamupatsa moni waulemu, koma ankasiya mpando umodzi wopanda munthu pakati pa iye ndi iwo. Sabata ina mayi Farha anangobwera n'kudziponya pampando umenewo, akudandaula za mawondo awo. Kuyambira pamenepo komwe iwo ali, iye aliponso.

Tsopano kuchokera Lachinayi ankangoganiza za mpando umenewo. Ankachita manyazi kuganiza zotero mtembo usanazizire, koma maganizowo sanamuleke.

Nissim anatulukira pakhomo la kukhitchini atavala masokosi okha, ndevu zitayamba kumera.

"Zisiye, Lan. Chonde."

"Dzuwa likupita, Nissim. Madzulo ano tidyera kuti?"

"Kusunagoge kuli msasa. Kapena tingodyera m'nyumba, chaka chimodzi chokha. Achemwali sali bwino, sukuona?"

"Nanga Lachitatu? Amayi anati kalasi ya sabata ino ikhalira mumsasa. Anthu abwera."

"Abwera kudzatani?"

Amene anafunsayo anali Seemah. Anaima kumbuyo kwa mchimwene wake, atagwira chitseko.

"Abwera kudzaphunzira kwa ndani, alamu? Mphunzitsi wawo tamusiya kumanda. Ayimbireni foni, muwauze kuti zatha."

"A Rabi a kusunagoge anati maliro atha dzuwa likalowa," anatero Siew Lan motsitsa mawu. "Anati chikondwerero chikafika..."

"Ndinamva. Ndinali pomwepo, makutu ndili nawo." Seemah anatsika sitepe imodzi. "Anthu amakhala pansi masiku asanu ndi awiri kulira mayi wawo. Ine Lachisanu ndangokhala pang'ono akuti dzukani, Sabata yalowa. Lero ndakhalanso akuti dzukani, kavaleni zoyera, kondwerani. Ndiye inu mukundikokera masamba pansi pa windo. Inu simungamve, alamu. Malaya anu ndi athunthu."

Siew Lan anayang'ana bulauzi yake. Inalidi yathunthu. Mpongozi sang'amba chovala, sakhala pansi. Ntchito yake ndi kuphika mazira ndi kutsegulira alendo. Nissim anamugwira mchemwali wake paphewa n'kulowa naye m'nyumba, osacheuka.

Masana alendo atachepa, Siew Lan anamasula mtolo wa mitengo ija. Sanadziwe ngati akuchita bwino kapena akupalamula. Akaimika mtengo umodzi n'kupita kukatenga wina, woyambawo unkagwa. Anautsamiritsa pampando, mpando unagwa nawo. Kumwamba mitambo inali itayamba kuda chakunyanja, mpweya uli tho, thukuta likulowa m'maso. Nthawi zonse mtengo ukagwa ankaima duu kumvetsera ngati chitseko chitseguka.

"Ukumanga msasa kapena khola la nkhuku?"

Anali mayi Khatun, mnzawo wa mayi Farha kuyambira ali atsikana, atadutsa kanjira ka m'mbali ndi ndodo yawo. Pakalasi ya Lachitatu iwo ndiwo ankatsutsa chilichonse.

"Ndili ndekha, azakhali."

"Ndikuona. Amuna ako ali kuti?" Sanadikire yankho. Anagogoda windo ndi ndodo. "Nissim! Dzuwa lapendeka, ukuloledwa kukonzekera chikondwerero tsopano. Tuluka ugwire mtengo. Ukufuna mkazi wako athyoke msana, tikhalenso pansi sabata yamawa?"

Anatuluka onse awiri, Nissim ndi Seemah.

"Azakhali, m'nyumba muno mulibe chikondwerero chaka chino," anatero Seemah.

"Chikondwerero sichipempha chilolezo, mwana wanga. Chimangolowa ngati mvula."

"Ndiye chindinyowetse ndili pansi." Seemah anapitiriza: "Zaka zonsezi ndimangoti ndibwera chaka chamawa, ndibwera chaka chamawa. Sindinawaphikire, sindinawaperekeze kuchipatala, sindinawatseke maso. Chimene chinatsala choti ndiwapatse ndi masiku amenewa basi. Ndipo nawonso mukundilanda."

Mayi Khatun anayang'ana nsonga ya ndodo yawo.

Siew Lan anadzimva akulankhula asanaganize.

"Inu mwakhalako, alamu, ngakhale pang'ono. Ine kuchokera Lachisanu ndili chilili ndi ketulo. Ndine ndinawapeza m'mawa uja, ndine ndinawafunditsa. Koma polira pamene ine ndilibe malo. Aliyense akalowa amandipitirira n'kukapepesa inu, kenako amandifunsa ngati shuga alipo." Anapukuta nkhope ndi mkono. "Sindikukondwera ayi. Kungoti ichi chokha ndi chimene ndikudziwa kuwachitira."

Atangomaliza anagwidwa ndi mantha. Sanalankhulepo chonchi kwa munthu wa m'banja limeneli. Anadikira kuti amve mawu amene wakhala akuwaopa zaka zonse, akuti izi ndi zathu, inu munangozipeza. Seemah anamuyang'ana nthawi yaitali, milomo itafunyika. Kenako anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Sanamenyetse chitseko.

Nissim anaima pakati pa chitseko ndi mitengo ngati mwana wosochera pamsika.

"Ukudikira kalata yokuitana?" anatero mayi Khatun. "Gwira apo."

Anagwira. Msasa unaima dzuwa lili pafupi kulowa, wopendekeka mbali imodzi, makoma ake ansalu zakale za pabedi. Mvula inangowaza pang'ono n'kupita. Madzulo amenewo Nissim anasamba, anasintha malaya, anadalitsa vinyo mawu akumuthawathawa. Seemah sanatuluke. Siew Lan anamupititsira mbale ya mpunga ndi nkhuku kuchipinda, ndipo m'mawa anaipeza pakhomo itadyedwa theka. Masiku awiri oyamba a chikondwerero anapita chomwecho. Kusunagoge Siew Lan anadwalitsa mutu dala, sanapite. Nissim anaona koma sanafunse.

Lachitatu m'mawa anatulutsa mipando isanu ndi iwiri n'kuiika mumsasa. Kenako anabweza iwiri, poopa kuti ikakhala yopanda anthu izioneka kwambiri. Kenako anaitulutsanso. Foni sanayimbire aliyense, kaya kuwauza kuti abwere kaya kuti asabwere. Anaika buku la Tora la apongozi ake patebulo, lachikuto chothetheka m'mbali, n'kulibisa pansi pa nsalu, n'kulivundukulanso. Madzi a tiyi anawira mpaka anaphwa, anathiranso ena. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu mtima unkamugunda, ikapitirira unkamugundabe.

Nthawi ya kalasi inakwana, n'kupitirira. Anali atayamba kusonkhanitsa makapu pomwe anamva ndodo ikugogoda simenti.

Mayi Khatun anabwera ndi amayi ena atatu, mmodzi atanyamula chitini cha makeke a zipatso za kanjedza. Analowa mumsasa akuwerama.

"Denga ili lathinana," anatero mmodzi.

"Lathinana pati? Ine ndikuona kumwamba konse. Koma ligwa limeneli, khalani chakuno."

"Farha akanaona mfundo izi akanakomoka."

Anakhala aliyense pamalo ake akale, ngati tebulo ndi lomwe lija la m'nyumba. Mpando wa kumutu unatsala. Tiyi anathiridwa, makeke anayenda, kenako phokoso linazilala ndipo maso onse anagwera pabuku.

"Tiyeni," anatero mayi Khatun. "Lan, tsegula."

"Ine ayi, azakhali." Siew Lan anabisa manja pansi pa tebulo. "Pali akuluakulu pano, obadwira m'zimenezi. Ine ndinkangowerenga chifukwa maso a Amayi anali atafooka. Ankati zilembo zikuwavinira."

Mayi Khatun anatsamwa ndi tiyi. Anakhosomola, akuseka, misozi ikutuluka, mpaka mnzawo anawasisita kumsana.

"Maso a Farha? Farha amene ankaona kamwala mumpunga ali kutsidya kwa khitchini? Mwezi wathawu wandilowetsera ulusi pasingano ine nditalephera ndi magalasi anga omwe!"

"Koma ankati..."

"Ankati zilembo zikuvina, ndipo mutu ukuwawa akaziyang'anitsitsa."

Mawuwo anachokera pakhomo la msasa. Seemah anali ataima pamenepo atavala diresi ya m'nyumba, zikope zitatupa. Palibe anamuona akubwera.

"Ankatero kwa inenso," anapitiriza pang'onopang'ono, ngati akudzilankhulira. "Ndili kamtsikana ndinkachita chibwibwi, ndinkabisala kuseri kwa chitseko kuti ndisawerenge pa anthu. Tsiku lina maso awo anangofooka. Ndinawawerengera mpaka ndinakula. Ndinkadabwa kuti bwanji amaona ndikatafuna zikhadabo kumbuyo kwawo." Anayang'ana Siew Lan. "Kwa inu anayamba liti?"

"Sabata yoyamba yomwe," anayankha Siew Lan. "Ndisanadziwe n'komwe zilembo zonse. Ndinkalakwitsa mzere uliwonse, iwo n'kumandikonza osayang'ana m'buku."

Mayi Khatun anapukuta m'maso ndi ngodya ya mpango, osasekanso.

Seemah analowa. Anaima pafupi ndi mpando wa kumutu, anaugwira pamsana pake, n'kuusiya. Anakoka mpando wina wotsala n'kukhala pambali pa mlamu wake, moyandikana kotero kuti mapewa awo anakhudzana. Anatambasula dzanja n'kukokera buku lija pafupi. Analisisita pachikuto ndi chikhatho, kenako analikankhira pang'onopang'ono mpaka linafika pamaso pa Siew Lan.

"Maso anga lero sakuona bwino," anatero. Anatsamira kumbuyo, anapinda manja pamimba, n'kutsinzina. "Werengani, alamu. Musathamange."

Siew Lan anatsegula bukulo. Anapitirira tsamba loyenera, n'kubwereranso. Amayi aja anadikira. Atapapeza, anaika chala pansi pa liwu loyamba.