Makombola a Don Melitón

Nicanor Zárate anabwerera kwawo ku San Bartolo Yucuná mu Ogasiti 1957, atamaliza maphunziro a zopekapeka nyimbo ku Mexico City. Anabwera ndi nyimbo yoti bandi ya m'mudzimo iimbe pa 24, tsiku la Bartolomeyo Woyera. Anabweranso ndi mlendo, Maestro Ugalde, wotsogolera oimba a kulikulu, amene analonjeza kuti nyimboyo ikamugwira mtima akaiimbitsa kumeneko.

Pakatikati pa nyimboyo malipenga onse ankayenera kukhala chete kwa kanthawi. Vuto linagona pamenepo. Ku Yucuná, bandi ikangosiya kuimba, Don Melitón ankaphulitsa khombola, ndipo anthu sankaomba m'manja khombolalo lisanalire. Mkuluyu ndi amene anaimirira Nicanor pa ubatizo.

Nicanor anapita kukamupempha: "Tate, malipenga akaima pakati paja, musayatse khombola. Nyimbo ikhala isanathe."

"Iwe, zaka zonsezi kusukulu unkaphunzira kukhala chete? Bwenzi utangofunsa bulu wanga, waulere."

"Chonde, Tate."

"Woyerayu ndi nkhalamba, makutu anagontha. Popanda khombola adziwa bwanji kuti tamuimbira?"

Mmawa wa tsikulo, anthu ali ku Misa, Nicanor anazemba n'kukathira madzi m'dengu la makombola.

Masana bandi inayamba. Itafika pachete paja, Don Melitón anayandikitsa ndudu yake ku khombola. Linangoti fwii, n'kuzima. Nicanor anamwetulira, malipenga n'kupitiriza.

Chimene sanaganize ndi mapeto. Nyimbo inatha, khombola silinalire, ndipo bwalo lonse linangoti zii. Amayi ogulitsa chimanga chootcha anaima, ana anayasama kukamwa, onse kudikira. Palibe anaomba m'manja.

Maestro Ugalde anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Zárate, ndaimbitsa nyimbo m'mizinda yambiri, koma sindinaonepo anthu atagwidwa mtima mpaka kuiwala manja awo. Tikaiimba mu Novembala."

Don Melitón anafika atanyamula khombola likudontha madzi, nalifinyira pa nsapato ya Nicanor.

"Mwana wanga wophunzira," ananong'ona, "bwanayu umuuza wekha, kapena ndimuuze ine?"

"Mukufuna chiyani, Tate?"

"Kulikuluko ndipita nawo. Ndi dengu langa."

Nyimboyo inaimbidwadi m'holo ya kulikulu pa 9 Novembala. Alonda a holoyo analanda dengu pakhomo, koma m'chipewa cha mkuluyo sanayang'anemo.