Chithunzi cha Khosi la a Paterson

Moni nonse owerenga. Tiyamike Mulungu amene watisungira mpweya mpaka lero.

Chaka chimene korona analowa mwamphamvu mu Perth, Margreth wa ku Cannington anali ndi wake mtolo. Amuna ake, a Paterson, onyamula mabokosi a zipatso kumsika wa Canning Vale, anayamba kugwetsa makapu ndi kulephera kumanga mabatani. Kuchipatala ku Nedlands anapeza kuti mnofu wolimba womanga mafupa a khosi wasanduka fupa, ndipo ukupana mtsempha waukulu wa msana. Atadikira miyezi isanu, malo a opaleshoni anapezeka. Chotsala chinali choti a Paterson avomere lisanafike Lachisanu.

Margreth anatumiza chithunzi cha sikani, choonetsa m'kati mwa khosilo, kugulu la WhatsApp la amayi a mapemphero kuti agwade naye m'pemphero. Anaiwala kuti ambiri mwa iwo ndi manesi ndi osamalira odwala.

Foni inayamba kulira, koma pemphero panalibe. Wina anazunguliza malo opanikawo ndi mzere wofiira. Wina analemba kuti, "Eee, apa ndiye pathina!" Kenaka Margreth anatsegula uthenga wa mawu wa Dainess, wotsogolera nyimbo, a Paterson ali pampando pomwepo.

"Asisi, oterewa ndawasambitsa ambiri ine. Shuga alipo, zaka zapita. Akawang'amba, azingokhala pa wilutcheya basi. Yambiranitu kufunsa za matewera."

Ankalankhula akutafuna, milomo ikulira tyapu tyapu. Khosi limene linaberekera ana awo, amayi a mpingo ankaligawana ngati nyama ya pabutchala, ndi pakamwa pomwe amaimbira Mbuye Lamulungu!

"Mwamva nokha, mayi a Lusekelo," anatero a Paterson. "Sindipita. Bola kuyenda modzandira."

"Bambo, Dainess wakhala dokotala liti? Kusambitsa munthu si kudziwa mawa lake."

M'mawa mwake Margreth anapempha kulankhula ndi dokotala Katherine, wodzachita opaleshoniyo, pa vidiyo, n'kuimika foni patsogolo pa amuna ake.

"Kulonjeza sindingathe," anatero dokotalayo, Margreth akumasulira. "Timaona zaka, shuga, kuthina kwake, ndi nthawi imene manja akhala akuvuta. Ambiri ofanana ndi inu matenda amaima, manja amapezako bwino, koma osati ngati kale. Ngozi ilipo, ngakhale ndi yochepa. Mukachedwa mwayi ukuchepa, ndipo mutangogwa, zingaipiretu."

A Paterson anayang'ana zala zawo kwa nthawi.

"Uyu sakundinamiza, sakundikwiriranso wamoyo," anatero chapansipansi. "Muuzeni ndibwera."

Margreth anabwereza mawuwo m'Chingerezi. Mawu a Dainess anali asanamuchoke m'mutu, koma mumtima anayamba kung'ung'udza nyimbo yotamanda.

Iye amene analuka fupa ndi mtsempha akusungeni, owerenga, ndipo pa tsiku la mantha akupatseni anthu onena zoona mwachifundo. Ameni.