Mayeso Amene Félix Anasankhira Mkazi Wake

Pa msika wonse wa Fíngoè munthu amene anali ndi kompyuta yoyenda bwino ndi makina osindikizira anali mmodzi yekha, Félix. Baraka yake, kasitolo kakang'ono, inali pakati pa ogulitsa zitsulo za njinga zamoto ndi mayi wina wa kapenta, moti mapepala ake onse ankanunkha nsomba. Mvula yoyamba ikangogwa, ana omaliza sekondale ankakhamukira kwa iye kudzalembetsa mayeso olowera ku yunivesite, poti masiku ano kulembetsako n'kwa pa intaneti. Iye ndiye ankadziwa kuti sukulu yakuti ili ndi malo angati, ndipo olimbirana malowo ndi angati. Ankalangiza ana a eni ake atakhwinyata nkhope ngati dokotala. Zoti iyeyo analembapo mayeso a jestau, maphunziro a kayendetsedwe ka bizinesi, katatu konse nagwa katatu komweko, sankazitchula.

Félix anali mkamwini. Kwawo kunali ku Malowera, koma nyumba anamanga pamalo pa apongozi ake, mai Augusta, kuseri kwa khola la mbuzi. Mkazi wake, Eulália, anali ndi mutu wakuthwa koopsa. Masamu amene Félix ankatuluka nawo thukuta, Eulália ankawachita akutsuka mbale. Anamaliza sekondale akutsogola kalasi lonse, kenako ukwati unamupeza, zaka ziwiri n'kudutsa. Chaka chimenecho ananena poyera kuti akufuna kukaphunzira jestau.

Nkhani inapita kwa a Luciano, amalume ake a Eulália, amene anali mwini mbumba. Anakhala pamthunzi wa mtengo wa mango, akazi cha uku, Félix patali pang'ono monga mkamwini.

"Mwanayu ngwathu, sitingamumange miyendo," anatero a Luciano. "Koma ezame, mayesowo, alembe kamodzi kokha. Akapasa, tonse tim'perekeza. Akagwa, mabuku atseke, atipatse mdzukulu. Zaka ziwiri nyumba ili zii, anthu ayamba kutifunsa. Mukuti bwanji, akamwini?"

"Mwanena bwino, bambo," anayankha Félix akuomba m'manja.

Mumtima mwake munali chimwala. Ankadziona zaka zinayi akupalira m'munda mwa apongozi, akudya yekha ngati mlendo, mkazi wake ali mumzinda pakati pa anyamata a nsapato zowala. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Nanga mkamwini wopanda mkazi pakhomo angakhalirepo chiyani? Choposa zonse, ankaopa tsiku limene Eulália adzabwere ndi pepala limene iyeyo linamukana katatu. Koma kutsutsa amalume pamaso sakanatha. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo Félix anayamba kufunafuna madzi.

Madziwo anawapeza pa kompyuta yake yomweyo. Mayeso a jestau chaka chimenecho analipo awiri, onse olembedwa mumzinda wa Tete, m'mawa wa tsiku limodzi, kotero munthu ankayenera kusankha amodzi. Oyamba anali a sukulu ya ku Tete komweko, imene inali itangowonjezera malo kufika makumi asanu ndi atatu, koma olembetsa anali akubwera modontha. Achiwiri anali a yunivesite yaikulu ya ku Maputo: malo makumi anayi, olimbirana zikwi, ana a m'masukulu a azungu amene anakula akusewera ndi mabuku. Félix anaziona zonsezi bwinobwino, natseka tsambalo.

Eulália anafika pa baraka masana, atanyamula zikalata zake mu pulasitiki. Anabwera ndi Jacinta, mtsikana wa nyumba yoyandikana nawo, amene Eulália ankamuphunzitsa masamu chifukwa cha chisoni basi. Jacinta anali wamtima wabwino, koma mutu wake unali wolemera ngati mtondo. Félix anatuma mkazi wake kukagula mayunitsi a intaneti, ndipo pamene ankabwerera anapeza Jacinta atalembetsedwa kale ku Tete.

"Nanenso mundilembe ya ku Tete," anatero Eulália. "Amayi akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Félix anaseka mofatsa, kuseka kwa munthu wokonda.

"Amayi akunena za fodya, ine ndikunena za iwe. Ukufuna ukakhale kalasi limodzi ndi mwana amene ukumuphunzitsa kugawa? Ya ku Tete ndi ya anthu ngati ine, Eulália. Ngakhale kumeneko mavaga, malo a ophunzira, ngochepa, anthu amagwa; ine si ndinagwa? Ngati n'kumenya nkhondo, menyera chinthu chachikulu. Mutu ngati wakowu boma lonse lino la Maravia lilibe."

Munthu amene wakhala zaka ziwiri akungoyamikiridwa kusesa, mawu otere amamulowa ngati mvula panthaka youma. Eulália anayang'ana pa galasi la kompyuta. Ankaopa, koma ankakondwanso kuti mwamuna wake amamuona chotero.

"Mukuona ngati ndingathe?"

"Ndikanakhala ndi chikaiko, ndikanakuuza."

Analemba zonse, dzina, tsiku lobadwa, nambala ya chitupa. Pofika pa batani lomaliza anachotsa dzanja, nakankhira kompyutayo kwa mkazi wake.

"Dina wekha. Tsogolo ndi lako, lisadutse m'manja mwanga."

Eulália anadina.

Miyezi iwiri yotsatirayo Félix anali mwamuna wa chitsanzo. Ankasindikiza mayeso a zaka zam'mbuyo n'kumabwera nawo kunyumba mitolomitolo. Ankatunga yekha madzi pa mjigo kuti mkazi wake awerenge, amuna anzake akumuseka. Mai Augusta, amene kale sankamuwerengera, anayamba kumutumizira chiwindi akapha nkhuku. Ndipo musaganize kuti zonsezi ankachita mtima ukumuluma ayi. Ankachita mosangalala ndithu, monga amachitira munthu wodyetsa bwino mbuzi yodzaphedwa pa Natale, tsiku la Khirisimasi. Tsiku la ulendo anaperekeza Eulália ndi Jacinta pa shapa, minibasi ya ku Tete, mvula ikuwaza, namangirira yekha chikwama cha mkazi wake.

Zotsatira za ku Maputo ndizo zinayamba kutuluka. Eulália anapeza khumi ndi zisanu pa makumi awiri. Munthu womaliza kutengedwa anali ndi khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Eulália anawerenga mzere wake kawiri, kenako anakhala pansi pa baraka pomwepo, pafumbi, n'kulira ngati wafedwa. Félix anamugwira paphewa, anthu a pamsika akuonerera.

"Ndakuchititsani manyazi," anatero Eulália misozi ili mbwembwembwe. "Inu nokha ndi amene munandikhulupirira."

"Usatero. Mulungu ali ndi njira zake."

Félix anamva kupepuka kumene sanakumvepo chikwatirire. Lamulungu lotsatira a Luciano anabwera, nakumbutsa pangano mosachulutsa mawu. Mabuku analowa mu katoni, katoniyo pamwamba pa mtanda wa denga. Eulália anayamba kuthandiza mwamuna wake pa baraka, kusindikizira anthu mapepala.

Ndiye chifukwa chake, pamene zotsatira za ku Tete zinatuluka, amene anazitsegula anali Eulália. Jacinta anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja, napempha kuti amuonere. Félix anali pambali akulimbana ndi waya wa batire. Eulália anatsika ndi chala pa mndandanda mpaka anapeza dzinalo. Jacinta anali ndi khumi ndi theka, ndipo anali atatengedwa. Mtsikanayo analumpha, nakumbatira mphunzitsi wake.

Koma chala cha Eulália chinapitirira kutsika. Mndandanda unathera pa munthu wa makumi asanu ndi awiri. Aliyense amene anafika pa khumi anatengedwa, ndipo malo ena anatsala opanda munthu.

"Eee, mana Eulália, ndi zomwe ananena alamu zija!" anatero Jacinta akupukuta misozi ya chimwemwe. "Tsiku la inshikirisau, lolembetsa lija, inu mutapita kogula mayunitsi, anandiuza kuti usaope, Jacinta, chaka chino ku Tete mavaga achuluka kuposa anthu, ngakhale mbuzi ikalemba pauta ya opambana iitenga. Ine mbuziyo ndine!"

Anaseka yekha. Félix anapitiriza kupotokola waya umene unali utalumikizika kale. Eulália anatembenuka pang'onopang'ono, namuyang'ana.

"Munkadziwa?"

"Eulália, pano ndi pa ntchito."

"Ndikufunsa, munkadziwa?"

Eulália anasindikiza pepala la Jacinta, namupatsa ndi manja awiri, kenako anatuluka osatenga ndi ambulera yomwe.

Anapita kwa amalume ake. Patatha masiku awiri Félix anaitanidwa pamtengo wa mango paja, ndipo anapita akuganizira kale za momwe akanyamulire kompyuta yake panjinga kubwerera ku Malowera. Eulália anafotokoza zonse. Anamaliza ndi pempho limodzi lokha.

"Sindikupempha kuti muwachite kanthu, amalume. Ndikupempha chaka chamawa ndilembe ya ku Tete."

A Luciano anali munthu wosakonda kubweza zimene wanena pagulu, ndipo kunena zoona, nawonso sankaona chimene mkazi wapabanja akafune mumzinda.

"Analembetsa ndani ya ku Maputoyo?"

"Anandinamiza, amalume."

"Ndafunsa kuti anadina ndani."

Eulália anayang'ana kwa mayi ake. Mai Augusta anali akuchotsa kaudzu pa chitenje chawo.

"Ndine," anatero Eulália.

"Basi. Tinati kamodzi, ndipo kamodziko kadutsa." A Luciano anatembenukira kwa Félix, nkhope itamasuka. "Amuna ena amanama kuti akazi awo achoke pakhomo. Uyu wanama kuti mkazi wake asachoke. Ine ndaona akamwini ambiri pano, obwera ndi othawa, koma uyu ndaona kuti wabwera kudzakhala. Mlongo wanga, dimba lija la kumtsinje lingokhala tchire. Apatseni akamwini alime."

Félix anagwada, naomba m'manja nthawi yaitali, misozi yeniyeni ikulengeza m'maso mwake.

"Eulália," anatero a Luciano akudzuka, "tsogola, ukawasonyeze amuna ako malire."

Eulália anakhala kaye ngati sanamve. Kenako anaimirira, namanga chitenje chake, n'kuyamba kutsetserekera kumtsinje, Félix akumutsatira pambuyo.