Milamba ya Mkamwini

Hamadi atatsikira kudambo pochokera kumzikiti ku swala ya Lachisanu, anapeza mlamu wake Chande ali m'matope mpaka m'mawondo, khasu lili m'manja. Khoma la damu laling'ono la nsomba linali litagumulidwa, ndipo madzi ankathamangira m'munda wa mpunga wa Chandeyo.

"Alamu, mukutani?"

"Maso muli nawo," anayankha Chande osatembenuka. "Mvula yachedwa, mbande zanga zikuuma. Madzi a pamalo pathu zizimwa nsomba, mpunga uzifa?"

"Nanga tiana ta milamba tinali umu tili kuti?"

"Ndatola ndi dengu, ndathira mu damu lalikululo. Tikakhale ndi amawo. Mundithokoze."

Hamadi anatembenukira ku damu lalikululo. Madamu awiriwo anakumba yekha zaka zitatu zapitazo, pamalo a kwawo kwa mkazi wake Lukiya, kwa Mposa, poti iye anali mkamwini wochokera kwa Kawinga. Mu lalikulu munali milamba yoti mwezi wamawa aiwambe n'kukagulitsa kumsika wa ku Balaka. Mu laling'ono munali tiana tonga chala, mbewu yake yonse ya chaka chamawa. Sanazilekanitse chifukwa chokonda kukumba ayi. Damu limodzi likagumuka, kapena katumbu akalowamo, linalo limatsala. Komanso mlamba ndi nsomba yopanda chibale. Ukamva njala umameza mwana wake osaphethira n'komwe.

"Mwathira nthawi yanji?"

"M'mawa, inu mukusita mkanjo."

"Alamu, milamba ikuluikuluyo ikudya tianato pamene tikuyankhula pano."

Chande anaseka mokweza kuti amayi otunga madzi amve. "Ine ndinabadwira pa Chilwa pano. Za nsomba mundiphunzitse inu, munthu wodza ndi kachikwama kamodzi ndi mphasa yobwereka?"

Hamadi anapsa mtima, koma akanatani? Chande ndiye anali mwinimbumba, mlongo wake wamkulu wa Lukiya. Pamwamba pa apo anali wapampando wa chipani m'mudzimo, ndipo udindowo ankautafuna ngati nzimbe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Mukanandifunsa ndikanakupatulirani madzi ndi ngalande, damu osaphwanya."

"Ndipemphe kwa mlendo pakhomo panga? Iyayi. Boma likuti tilime mpunga. Ngati mukutsutsa nenani momveka, mawu anuwo ndikawatule koyenera."

Amayi aja ananyamula mitsuko yawo yosadzaza n'kumapita. Anatsala Lukiya yekha, yemwe anali atangofika atamva phokoso.

"Achimwene, n'chiyani kodi?"

"Funsa mwamuna wakoyu. Akuti nsomba imadya mwana wake. Mwina kwawoko ndi momwe amachitira."

Hamadi anavula mkanjo, anaupachika pa nthochi, n'kulowa mu damu lalikulu ndi dengu lomwe lija. Atavutika nawo pang'ono anatulutsa mlamba wonenepa, mimba ili tantha. Anaugoneka pa udzu pamapazi pa Lukiya, n'kuutumbula ndi mpeni. M'mimbamo munatuluka tiana tisanu ndi kamodzi, kena kali kathunthu ndi tindevu take.

Lukiya anagwira pakamwa. Tianato ndiye ankatithira gaga m'mawa uliwonse, miyezi iwiri yathunthu.

Chande anayang'ana kamodzi, kenako analavula malovu pambali. "Ndiye zatani? Nsomba ndi zanu, nthaka ndi yathu. Damu laling'onolo ndiwokamo mpunga mawa. Linalo ndikuliganizira."

Hamadi anathamangira kunyumba n'kubwera ndi ukonde. Panalibenso kudikira mwezi wamawa. Milamba ikuluikulu inayenera kutuluka tsiku lomwelo, yokhwima kapena ayi, kuti tiana totsala tipulumuke. Koma ukonde wa mu damu sukokedwa ndi munthu mmodzi, ndipo amuna awiri omwe ankadutsa ataona nkhope ya wapampando anakumbukira kuti ali ndi ulendo.

Lukiya anamanga chitenje m'chiuno n'kuponda m'madzi.

"Lukiya, tuluka m'menemo," anatero Chande. "Ukandichititsa manyazi lero, mawa zikadzakuvuta usadzandigogodere."

"Gwirani uko, bambo a Asiya," anatero Lukiya kwa mwamuna wake, ngati sanamve.

Anakoka kanayi konse, matope ali m'maso, minga ya milamba ikuwabaya m'manja. Ikuluikulu anaiunjika pa udzu. Tiana anatisankha ndi manja n'kumatiika mumgolo wa madzi. Pa tiana tija todzaza madengu atatu, totsala sitinabise n'komwe pansi pa mgolowo. Hamadi anatiyang'ana nthawi yaitali, ndipo zinamupweteka kwambiri.

Chande anali atabwerera ku mbande zake, akuimba mluzu.

"Ndikachotsa yonseyi, titha kutibwezera mu lalikululi," anatero Hamadi ndi mawu otsika. "Mpaka tsiku lomwe alamu alifunenso."

Lukiya anafinya chitenje chake, maso ali kwa mlongo wakeyo.

"Kwanu kwa Kawinga dambo lilipo?"

"Lilipo, kuseri kwa munda wa amayi."

"Ndiye musatibwezere muno. Kapopeni njinga, tipite nato kwanu."