Nkhunda Yodziwa Mitima

"Ine munthu ndimamuona mpaka mkati," anatero a Dayirekita, akudzigogoda pachifuwa ndi chala cha mphete ziwiri. "Kumuyang'ana kamodzi basi, ndadziwa kuti uyu ngoyera, uyu nzinyalala. Ndipo nkhunda yanga sinanditsutsepo. Lamlungu masana tionetsa pompopompo, osadula, osamata, dziko lonse lione kuti kuno kulibe chinyengo."

Mayi Telala anali atagwada pansi, mapini ali kukamwa, akupinda mwendo wa buluku la bwanayo. Anafuna kuseka koma anaopa kumeza pini.

Sewero lawo la pa TV linali la zija zoti mwana wa zaka zisanu akhoza kukuuzani mathero ake. Munali ufumu wotembereredwa, mwana wamasiye wotunga madzi, azichemwali oipa mtima, mfiti ya linunda, ndi nkhunda yoyera yomwe imatera paphewa la munthu wopanda banga yekha. Amene yamutera, ndiye mfumukazi. Okongola onse anali abwino, amano otuluka onse anali afiti. Mtsikana wabwino sankakwiya, sankamva njala, ngakhale kuyetsemula sankayetsemula. Kampani ya sopo ndiyo inkathandiza sewerolo, ndiye mawu oti kuyera ankabwera pafupipafupi ngati chifuwa cha m'nyengo yozizira.

Amene ankasewera mwana wamasiyeyo anali mwana wa mng'ono wake wa Mayi Telala. Aliyense ankangomuti Kamasiye, ngakhale makolo ake onse anali moyo ndipo ankadya bwino. Zaka ziwiri nkhunda inkatera pa iyeyo sabata ndi sabata, azimayi n'kumalira m'nyumba zawo. Ndiye wina anamujambula atakwera njinga yamoto, atagwira m'chiuno mwa bwenzi lake wowotcherera zitseko, chithunzi n'kuyenda m'mafoni.

A Dayirekita anamuitana pamaso pa gulu lonse.

"Iwe wandichititsa manyazi. Namwali wanga kugwira mwamuna m'chiuno?"

"Bwana, ndikanagwira pati? Panjinga palibe chogwirira."

"Ukanagwa! Munthu woyera amagwa!"

Awa ndi a Dayirekita omwe akazi awo ankafunsa kwa mlonda wa pageti kuti adziwe ngati amuna awo akadali m'dziko muno. Koma paja nyani saona kumbuyo kwake. Tsiku lomwelo anakhotetsa nkhani yonse: Kamasiye aululika kuti ndi mwana wa mfiti amene ankangonamizira, aponyedwa m'dzenje Lamlungu, ntchito yake yathera pomwepo. Namwali weniweni apezeka ali mtulo mkati mwa duwa. Ndipo taonani mwayi, namwali wa m'duwayo anali mwana wa alamu awo, mtsikana amene luso lake lonse linali kuphethira.

"Diresi loyera la Kamasiye lija ladetsedwa," anauza Mayi Telala. "Mulinyike mu utoto wakuda, avale lomwelo pokaponyedwa. Mwana wanga ndamugulira latsopano kushopu, lisakhudzidwe ndi singano yanu."

Apa Mayi Telala analavula mapini m'manja.

"Bwana, pali kanthu kena pa diresi lakalelo kamene mwina..."

"Mayi, inu ntchito yanu ndi ulusi. Za mzimu tisiyireni ife."

"Zikomo bwana."

Kanthuko kanali kathumba. Kanali paphewa lamanja, pansi pa kaduwa kansalu, kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo Mayi Telala anakasoka okha tsiku loyamba nkhunda itakana kutera. M'mawa wa tsiku lililonse lojambula, mayiwo ankathiramo mpunga wosaphika. Wankhunda, mwini mbalameyo, ankaimana chakudya kuyambira dzulo lake. Kuyera konse kwa ufumu uja kunali kumeneko: supuni imodzi ya mpunga ndi mbalame ya njala. A Dayirekita sanalowepo m'chipinda cha zovala, ankati mumanunkha thukuta la anthu wamba. Atafunsa tsiku lina kuti za nkhundazi zimatheka bwanji, Wankhunda anawayankha ndi nkhope youma kuti mbalame imeneyi imadziwa mitima, ndipo bwanayo anakhulupirira mpaka kukanena pawailesi.

Loweruka Kamasiye anabwera kudzayesa diresi lakuda lija, maso atatupa.

"Amayi aakulu, ndikachoka pano ndipita kuti? Ndani angandilembe? Dziko lonse lindidziwa kuti ndine mwana wa mfiti."

"Imirira bwino, ukundikhotetsera mpendero."

"Inu mukuona ngati zocheza."

"Ndati imirira. Kodi wowotcherera wakoyo amatha kuphika?"

"Mazira okha."

"Ndiye ntchitoyi ukuifunadi."

Atatuluka mtsikanayo, Wankhunda anasuzumira pakhomo, khola lili m'manja. Anali bambo woonda ngati ndodo, wonunkha zitosi chaka chonse.

"Mayi, mwana watsopanoyu mwamusokera kathumba?"

"Andiletsa kukhudza diresi lake. Ati za mzimu tiwasiyire."

"Nanga mbalameyi itera pati?"

"Si imadziwa mitima, achimwene? Munanena nokha."

Wankhunda anayang'ana diresi lakuda lili pahang'ala, n'kuyang'ana chitini cha mpunga chili pa mashini osokera. Anakanda m'mutu.

"Ine ndiye sindinaone kanthu. Ndingoimana chakudya monga mwa nthawi zonse."

"Muyambe lero m'mawa, isachite ulesi."

Lamlungu mu situdiyo munadzaza. Bwana wa sopo anakhala kutsogolo ndi mkazi wake, atolankhani kumbuyo kwawo, magetsi akuotcha ngati ng'anjo. Nyumba yachifumu ya makatoni inali itapakidwanso penti, mbali ina isanaume. Dzenje loponyamo Kamasiye linali matiresi awiri kuseri kwa mwala wa siponji. Mayi Telala anaima pafupi ndi kamera yachiwiri, tepi m'khosi, manja kumbuyo ngati munthu wosalakwa.

Asanayambe, a Dayirekita anapempha mphindi imodzi, n'kudya zisanu ndi ziwiri. Anayang'ana m'kamera n'kuuza dziko kuti ana a masiku ano aonongeka, kuti sewero lawo ndi sopo wa mitima, kuti nkhunda siilandira ziphuphu ndipo siidziwa chibale.

"Amene imutere lero," anatero, "ndiye mfumukazi ya sewero lino mpaka kalekale. Si ine ndasankha. Ndalumbira pamaso panu nonse."

Bwana wa sopo anaomba m'manja.

Duwa la mapepala linatseguka, mwana wa alamu n'kutulukamo akuphethira, diresi la kushopu likunyezimira, kapepala ka mtengo wake kakulendewerabe kumsana. Anatambasula dzanja monga anamuphunzitsira, n'kupendeketsa phewa. Kumbali, asilikali awiri a malupanga a thabwa anagwira Kamasiye m'diresi lake lakuda, nkhope atamupaka makala, akudikira kumukankhira pa matiresi.

Oimba anakweza. Wankhunda anatsegula khola.

Nkhunda inakwera m'mwamba, inazungulira magetsi kamodzi, n'kutsika molunjika namwali wa m'duwa. Inafika pafupi ndithu, inamuyang'ana phewa ili, phewa ilo, ngati mayi wosankha tomato pamsika. Mtsikanayo anaphethira ndi mphamvu zake zonse. Mbalame inamusiyira kadontho koyera pamphumi n'kudutsa.

"Dula!" anakuwa a Dayirekita.

"Bwana, tili pompopompo," anatero wa kamera, osachotsa diso pagalasi.

Nkhunda inapita kumbali kuja, n'kutera bwinobwino paphewa lamanja la mwana wa mfiti. Inalowetsa mlomo pansi pa kaduwa ngati ikumunong'oneza za kumwamba. Asilikali aja anayang'anana. Zaka ziwiri anazolowera chinthu chimodzi nkhunda ikatera, ndiye anaponya malupanga pansi n'kugwada, gulu lonse la ufumu n'kugwada nawo, ndipo wonyamula chisoti chachifumu anadutsa a Dayirekita n'kukachiveka pamutu pa Kamasiye.