Makutu a Gologolo

Nkhani iyi ndinaimva kwa munthu wina wosoka nsapato, tsiku lomwe nsapato yanga yakumanzere inayasamula ndili pa ulendo. Ndinakhala pa chidebe, phazi limodzi lili pamtunda, iye akusoka uku akufotokoza. Anati mwini nkhaniyo anali mnansi wake.

Munthuyo ankamutchula kuti Gologolo, chifukwa ntchito yake inali yokwera mitengo ya m'mipanda ya anthu n'kumasadza nthambi zomwe zayandikira madenga ndi mawaya a magetsi. Anaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu, lamba m'chiuno, macheka a injini akulendewera pambali. Pansi pankatsala mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, munthu wa mimba yake ndithu amene ankachita chizungulire ngakhale akakwera pa mpando. Gologolo akamanga nthambi ndi chingwe, mlamuyo ankaonetsetsa kuti pansi palibe munthu, n'kukoka chingwecho kuti chilimbe, kenaka n'kukuwa kuti, "Dulani!" Nthambi ikaduka ankaitsitsa pang'onopang'ono ngati chidebe cholowa m'chitsime.

Koma panali patatha chaka chathunthu Gologolo asakumva kukuwa kumeneko. Macheka anamudya makutu. Poyamba munkalira nyenje akaweruka, m'mawa n'kukhala bwinobwino. Kenaka nyenjezo zinangokhazikika, mawu a anthu n'kumamveka ngati akuchokera kuseri kwa khoma. Anaphunzira kuyang'ana milomo ya munthu. Akakhala m'mwamba ankagwira chingwe ndi dzanja lamanzere, ndipo chikalimba ankadziwa kuti mlamu wakuwa.

Mkazi wake yekha ndiye ankadziwa. Tsiku lina akumuthirira tiyi anamufunsa ali kumbuyo kwake ngati angagulitse njinga yake n'kukakwatiwa ndi wometa tsitsi wa pa kona. Gologolo anayankha kuti palibe vuto. Mayiyo anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka kusekako kunathera m'misozi. Anamuuza kuti apite ku chipatala, koma iye anati ndi litsiro chabe, lituluka lokha, ndipo anamuchonderera kuti asauze mchimwene wake. Ankadziwa kuti zikangomveka, palibe angamugwirirenso chingwe.

Lachinayi lina m'mawa anawaitana kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene mtengo wake wa mango unali utayamba kukhula pa malata. Unali mtengo wa masamba othithikana, woti munthu ukakhala pa mphanda pake pansi supaona. Anauza a m'nyumbamo kuti asatulukire khomo la kuseri, ndipo nthambi ziwiri zinatsika bwino. Yachitatu inali yaikulu ngati ntchafu ya ng'ombe, yotambalala pamwamba pa kanjira kopita pa waya woyanikapo zovala. Gologolo anaimanga, n'kuicheka pang'ono kunsi, n'kudikira dzanja lili pa chingwe, macheka akulira.

Nthawi imeneyo n'kuti mayi wochapa zovala pakhomopo, amene anabwera mochedwa ndipo palibe anamuuza kanthu, akutulukira pa kona ya nyumba atasenza beseni. Mlamu anakuwa kuti asadule. Anakuwanso. Ataona kuti mayiyo akungobwerabe, anakulunga chingwe msangamsanga pa nsanamira ya khonde, n'kuchikoka kuti chisamasuke, n'kuthamanga kukamubweza.

M'mwamba muja chingwe chinalimba m'dzanja la Gologolo. Iye anadula.

Nthambi itachoka inasiya mpata m'masamba, ndipo mu mpatamo ndi momwe anaonera zonse. Popanda woitsitsa, nthambiyo inakankhika ngati katungwe, n'kumenya beseni m'malere. Zovala zinali mbwee pa udzu. Mayi uja anali gone m'maluwa momwe mlamu anamukankhira, ndipo mlamuyo anali chafufumimba pambali pake, malaya atang'ambika kuyambira pa phewa mpaka m'chiuno.

Mmene Gologolo ankafika pansi, onse awiri anali atadzuka. Mayiyo anali atasupuka bondo basi, koma ankangogwira m'mutu mwake pomwe panali beseni. Mphunzitsi anatuluka magalasi ali m'manja, pakamwa pakuyenda mofulumira kwambiri moti Gologolo sanatolepo kanthu. Anangoona mlamu wake akudziloza pa chifuwa, akupepesa, akulozanso nsanamira ija. Anazindikira kuti mlamuyo wausenza yekha mlanduwo.

Anthu atalowa m'nyumba, Gologolo anagwada pa udzu n'kuyamba kumasula tcheni cha macheka, chomwe chinalibe vuto lililonse. Patapita kanthawi anaona chithunzithunzi cha munthu chitaima pambali pa chake. Anatembenuka. Mlamu wake anali pafupi kwambiri, moti akanatha kumugwira pa phewa.

"Ndakuitanani kanayi, alamu," anatero mlamuyo pang'onopang'ono, akumuyang'ana m'maso. "Kachisanu ndakutukwanani. Simunatembenuke."

"Phokoso la macheka."

"Macheka mwazimitsa nokha. Ali m'manja mwanumo, mwawamasula."

Gologolo anayang'ana tcheni chija. Mlamu anamufunsa kuti zinayamba liti, iye n'kuyankha kuti mvula ya chaka chatha isanagwe.

"Ndiye chaka chonsechi ine ndakhala ndikukuwira mbalame?"

Apo Gologolo anaulula za chingwe, mmene ankachigwirira ndi mmene chinalimbira m'mawa umenewo. Mlamu anakhala pa chipika, n'kupukuta kumaso ndi chipewa. Anafunsa ngati chemwali ake akudziwa. Gologolo anagwedeza mutu, ndipo mlamuyo anati ndiye kuti m'banja monsemo chitsiru chinali iye yekha, wodya nawo tsiku ndi tsiku koma osaona kanthu.

Gologolo anati akhoza kusinthana, iye azitsala pansi, mlamu azikwera.

"Ndi mimba iyi? Nthambi zizithyoka zokha, macheka osafunikanso." Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunapite patali. "Komanso wapansi ndiye amafunika makutu kuposa wam'mwamba. Chikaphonyeka kumwambako, wina akakuwa, inu mudzachimvera pa mutu."

"Nanga ine ndikatsika mu mtengo ndikhala ndani, alamu? Njerwa sindidziwa kumanga. Galimoto sindiyendetsa. Tingomaliza mango awa okha, kwatsala nthambi zinayi. Muzindikokera chingwe kawiri, ndizidziwa."

Mlamu anaimirira, n'kutembenuka, n'kumuonetsa msana. Kuyambira pa phewa panali mzere wofiira, wotupa, wodontha magazi pang'ono pomwe nsonga ya nthambi inadutsa. Kenaka anatembenukanso kuti milomo yake ioneke bwino.

"Mayi uja ali ndi ana. Ine mlanduwu ndausenza lero chifukwa ndinu mwamuna wa mlongo wanga. Koma chingwe chanu sindigwiranso."

Chingwe china chinali chidakali m'mwamba, chomangidwa pa nthambi ya pamwamba penipeni. Gologolo anasiya macheka pa udzu n'kukwera chimanjamanja kukachimasula. Ntchito ya mphindi zisanu inamutengera theka la ola. Anakhala pa mphanda, miyendo ili lende, akuyang'ana madenga a dera lonselo ndi mitengo yomwe anaisadza ndi manja ake: wa pa tchalitchi, iwiri ya pa sitolo ya matayala, ndi wina wautali womwe ena onse anaukana. Mlamu sanamufulumize. Anangotola zovala zija n'kuziika mu beseni lophwanyikalo.

Gologolo atatsika anapinda chingwe bwinobwino, n'kuvula lamba, n'kuziika zonse mu thumba. Kenaka anapita yekha kukagogoda pa khomo la kuseri. Atatuluka mphunzitsi, mayi wochapa ali kumbuyo kwake, Gologolo anavula chipewa.

"Bambo, mlamu wanga sanalakwe. Anakuwa, koma ine sindimva. Mtengo wanu adzamaliza ena, tikutumizirani mawa. Mayi, pepani."

Wosoka nsapato uja anati kuyambira tsiku limenelo Gologolo sanakwerenso mtengo, ndipo masiku ano amanola macheka a anzake pa khonde la nyumba yake. Ananena zimenezi akundipatsa nsapato yanga, ine n'kuthokoza n'kumapita.

Zonsezo ndikhoza kuzivomera, koma mathero akewo ndimawakayikira. Ndayenda kwambiri ine, ndipo ndakwerapo basi yoyendetsedwa ndi munthu amene maso anali atamuthera kalekale, koma chiwongolero osachisiya. Munthu sasiya ntchito ya moyo wake wonse m'mawa umodzi. Ine ndikuganiza kuti ananola macheka mwezi umodzi kapena iwiri, kenaka anakapeza womugwirira chingwe wina ku dera lina la mzindawo, munthu wosadziwa kanthu.